Voti ya Firmin Inadya Nkhosa Zake

Panali munthu wina m'mudzi wa kumapiri kuno ku France, dzina lake Firmin Chazal. Nkhaniyi ndi yoona, wokayika akafunse anthu a m'mudzimo.

Firmin anali nkhalamba yoweta nkhosa. Analibe busa lakelake. Nkhosa zake zinkadya paphiri la mudzi, pomwe ankadyetsa bambo ake. Ndiye kunabwera chisankho cha meya. Meya wakale ankati phirilo likhale la ziweto. Wopikisana naye, Gaétan, ankafuna kulipereka kwa kampani yophwanya miyala. Mudziwo ndi waung'ono, ndipo aliyense ankadziwa kuti wopambana adzangopulumukira pa mavoti owerengeka.

Chisankho chili pafupi, Firmin anaterereka m'khola, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anamugoneka kuchipatala cha m'tauni. Lamulo lathu limalola kuti ukalephera kupita kukavota usankhe munthu wokakuvotera, ndipo wapolisi amabwera mpaka pabedi kudzakusainitsa.

Mlongo wake Odile anapita kukamuona.

"Achimwene, lembani ine ndikakuvotereni."

"Iwe? Unandibera wotchi ya malemu mayi, lero ukufunanso voti yanga?"

"Wotchi ija anandipatsa okha mayi! Nanga mulemba ndani?"

"Régis."

"Wobwera uja? Mukudziwa ngakhale dzina la bambo ake?"

"Ndikudziwa kuti akundidyetsera nkhosa. Iwe wandibweretsera chiyani, kupatula pakamwa pakopo?"

Régis ameneyu anali atangosamukira m'mudzimo kuchokera kutauni, wopanda ntchito, wa mano panja nthawi zonse. Ankafika kuchipatala ndi tchizi, kabotolo ka vinyo atabisa m'jekete. "Madala, inu ndinu bambo anga. Phiri lija sangaligwire ine ndili moyo." Anthu a masiku ano pakamwa ndi uchi. Wapolisi anabwera, Firmin anasaina.

Loweruka, mawa lake chisankho, Odile anaimba foni.

"Mwana wanu uja ali kumowa ndi Gaétan, akugundanitsa matambula. Amulonjeza ntchito yoyendetsa lole ya miyala. Mudzi wonse ukudziwa, kupatula inu."

Firmin anapsa mtima. Koma njira inalipo. Lamulo lomwelo limati mwini voti akafika yekha womuvotera asanaponye, amavota mwiniwakeyo.

"Ndibwera mawa," anatero.

"Bwerani mwakachetechete. Régis sadzuka dzuwa lisanafike pamutu. Musamuuze kanthu, mwamva?"

Koma kodi Firmin anamverapo mkazi chibadwire? Mkwiyo unamukanika kumeza. Atangodula foni anaimbira Régis.

"Galu iwe! Ukuyesa ndine chitsiru? Mawa ndikubwera ndekha, ndidzaponya ndi dzanja langa, iwe ukuonerera!"

"Pepani madala, mabodza a anthu amenewo," anatero Régis mofatsa. "Bwerani ndithu, koma muyende bwino ndi chiunocho."

Lamulungu m'mawa Firmin anakangana ndi anamwino, anatuluka pa ndodo ziwiri, n'kukwera takisi. Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota, bampu iliyonse ankakukuta mano. Pofika kuholo ya mudzi, thalauza linali litanyowa magazi a pabala. Anakwera masitepe chokwawa, anthu akumuyang'ana.

Mayi wa pakaundula anatsegula tsamba, n'kuweramitsa mutu.

"A Chazal, inu mwavota kale."

"Ndavota liti? Si ndangofika kumene?"

"Wokuvoterani anali woyamba pakhomo, tisanatsegule n'komwe. Wasaina apa."

"Tulutsani envulopu ya voti yanga m'bokosimo!"

"Tiidziwa bwanji? Zonse n'zofanana."

Régis anali atatsamira khoma, akudya buledi.

"Aa, madala, mwadzivutitsiranji? Ndinaona kuti ndikupepukitseni. Mwavota bwino kwambiri, musadandaule."

Anyamata a Gaétan anafa nacho chiseko. Firmin anatukula ndodo kuti amukwapule, mwendo unakana, anagwa chagada pamaso pa mudzi wonse. Fupa lija linathyokanso.

Madzulo anawerenga mavoti, Gaétan anapambana mwa mwayi weniweni. Polankhula kwa anthu anati, "Ndithokoze mwapadera a Firmin Chazal, amene ngakhale akudwala sanatiiwale." Holo yonse inaseka, kupatula abusa anzake. Iwowa anakhulupirira kuti nkhalambayo inawagulitsa, kugwa kuja kunali sewero. Palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukamuzonda.

Chilimwe chisanathe phiri linatchingidwa ndi waya. Nkhosa zinalibe kodya, mwini wake analibe miyendo. Odile anaitanitsa wogula nyama, zonse zinakwezedwa tsiku limodzi, ndi zabere zomwe. Anapita kukamuuza kunyumba yosungirako okalamba komwe anamutaya.

"Zapita, achimwene."

"Ndi kankhosa kakuda kaja?"

"Ndi kakuda komwe."

Firmin anatembenukira kukhoma. Sanayendenso. Régis mpaka lero akuyendetsa lole, wanenepa khosi, ndipo akamadutsa pansi pa windo la nkhalambayo amaliza hutala.

Phunziro: Voti ikalowa m'bokosi ilibe dzina, ndipo amene wakuponyera sadzakuonetsa zimene waponya. Usapatse voti yako munthu chifukwa wakumwetulira kapena wakubweretsera vinyo. M'bale wako wolongolola ndi wabwino kuposa mlendo waulemu. Ndipo ukadziwa kuti wina akukupereka, tseka pakamwa, ukafike iye asanadzuke. Tumizani nkhaniyi kwa okalamba onse amene mukuwadziwa chisankho chisanafike, makamaka ouma mitu, poti ndi amene amadyedwa.