Nthochi za Lachisanu

Lole ya ku Limbe inafika pa Masambanjati dzuwa la Lachisanu litatsamira kale pa minda ya tiyi. Mikoko ya nthochi ya a Teleza inali itayamba kupsa, yosati n'kudikira Sabata lithe.

"Tikweze, mayi, kapena tizipita?" anakuwa dalaivala.

Mtima wa a Teleza unathamanga. Anakhala pansi, anatsinzina, n'kuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira namwino atawapeza ndi bipi. Namwinoyo ananenetsa kuti si pemphero, ndi mankhwala chabe.

Amuna awo, a Yona, dikoni wa mpingo wopemphera Loweruka, wosalola malonda dzuwa la Lachisanu likalowa, anavula chipewa poyesa kuti akupemphera.

"Mulungu akuti chiyani, amake Emma?"

"Sindinamufunse, bambo. Ndikungomvetsera mpweya wanga."

"Nanga mpweyawo anakupatsani ndani?"

A Teleza anatsegula maso. Dzuwa linali litalowa.

"Pitani, achimwene," anauza dalaivala. "Sabata lalowa."

Lole itachoka, a Yona anayang'ana mikoko ija, thukuta lawo la chaka chathunthu. A Teleza anawagwira dzanja.

"Khalani pansi, bambo. Kokani mpweya. Pang'onopang'ono."