Pyo Analandira ndi Manja Awiri

Panali bambo wina kuno kwathu ku Korea, dzina lake Pyo Sang-gil. Amene anandiuza nkhaniyi ankagwira naye ntchito, ndipo akuti zinachitikadi.

Pyo anali woyendera malabotale a boma. Anamutumiza kukatauni kena ka m'mbali mwa nyanja, kulabotale yoyeza mphira zotsekera mapaipi a madzi oziziritsa pamalo opangira magetsi a nyukiliya. Mphira ikalephera kupirira kutentha, madzi amadontha. Ntchito ya Pyo inali kupisa dzanja lake m'bokosi, kutola mphira ina iliyonse, n'kuimirira pomwepo akuiyeza mu uvuni. Ikakhoza, mabokosi onse ankapita kukagwiritsidwa ntchito.

Asananyamuke, bwana wake, Mayi Bong, anamuitana.

"A Pyo, kumeneko zinthu ndi ziwiri. Mphira muzitola nokha. Ndipo wina akakufunsani chaka chomwe munabadwa, musayankhe."

"Zaka zanga zikugwirizana bwanji ndi mphira, bwana?"

"Mukayankha mudzadziwa."

Pyo anangoseka.

Woyendera sakondedwa, izi n'zodziwika. Pyo akakhala patebulo m'chipinda chodyera cha palabotalepo, anthu ankanyamula mbale zawo n'kusamukira kwina. Mkazi wake ndi mwana anali kunja kwa dziko, kumene mwanayo ankaphunzira, ndipo foni inkalira mwa apo ndi apo. Nyengo yozizira yonse Pyo anadya yekha atayang'ana kukhoma. Munthu wamkulu ndithu anafika pomayankha anthu a pawailesi. Tisabisane, zinkamuwawa.

Tsiku lina mkulu wa chipinda choyezera, Eom Tae-bok, anakoka mpando n'kukhala naye.

"Bwana woyendera, mukudya ngati muli pamaliro bwanji? Tikaweruka tiyeni kumsika. Kuli mayi wina amaphika msuzi wa nkhumba, mukanyambita mbale."

Anapita. Mowa utafika pakati pa botolo, Eom anafunsa ngati sakufuna: "Komatu munabadwa chaka chiti?"

Pyo anakumbukira mawu a Mayi Bong. Koma aka kanali koyamba kuti munthu wam'tauniyo amufunse za iye mwini. Anatchula chaka.

"Aa! Ndiye ndiwe mwana iwe! Ine ndikuyamba sukulu iwe ukuyamwa. Za ubwanazi zithere pano. Kuyambira lero uzinditi achimwene."

"Achimwene," anatero Pyo. Analandira kapu ndi manja awiri, n'kumwa atatembenukira kumbali monga amachitira wamng'ono. Anasangalala mpaka misozi kulengeza.

Moyo unasintha. Patebulo lake panayamba kudzaza anthu. Mkazi wa Eom ankamutumizira kimchi, ndiwo za kabichi wowawasa. M'mawa uliwonse Eom ankakuwa ali patali: "Mphwanga, wadya?"

Tsiku loyeza mphira linafika. Pyo akulunjika kumabokosi, Eom anamutchingira, mphira ili m'manja.

"Usavutike ndi fumbi, mphwanga. Ndakutolera kale iyi."

"Achimwene, lamulo limati nditole ndekha."

"Lamulo? Ukundiyesa wakuba ine? Pamaso pa anthu angawa?"

Kwathu kuno mkulu wako akakupatsa chinthu sufunsa kumene wachitenga, makamaka anthu ake akuona. Pyo anawerama pang'ono, n'kulandira mphira ija ndi manja awiri. Inakhoza bwino kwambiri. Ulendo wotsatira zinayenda chimodzimodzi. Kenako Pyo anasiya n'kuyang'ana komwe kumabokosi.

Chimene sankadziwa n'chakuti Eom anali atasunga m'kabati mphira zabwino za kampani yakale. Za m'mabokosi zinali za kampani yatsopano, ndipo zikatenthedwa zinkauma n'kung'aluka. Eom ankadziwa. Ankaopa kuti akazibweza, ntchito ichedwa ndipo akuluakulu amukalipira.

Chaka chisanathe, paipi ina ya pamalo opangira magetsi paja inayamba kudontha. Mwamwayi makina ochenjeza analira msanga ndipo palibe anavulala, koma malo onsewo anatsekedwa kwa miyezi yambiri kuti achotse mphira zonse.

Ofufuza anabwera kuchokera kulikulu, Mayi Bong ali pakati pawo. Eom ndi Pyo anawakhazika pabenchi limodzi.

"Mphira zoyeza ankatola ndani?" anafunsa Mayi Bong.

"Ndinkatola ndine," anayankha Eom osaphethira. "Ndalakwa, sindikukana. Koma ine ndine wa labotale, ndipo aliyense amafuna kuti zake zikhoze. Boma linatumiza bambo awa kuti azindikaniza. Anayesa kamodzi, ndinangokweza mawu pang'ono, basi anagonja. Woyendera wotani ameneyo?"

Pyo anamuyang'ana. Eom maso anali kutsogolo.

"A Pyo," anatero Mayi Bong, "akunama?"

Pyo anayankha:

"Ayi, bwana. Sakunama."

Onse awiri ntchito inatha. Koma Eom anali kwawo. Mlamu wake anamupatsa malo m'sitolo, ndipo anzake ankamuyendera kukamupepesa. Pyo analongedza katundu wake m'katoni n'kuyenda wapansi kukakwera basi. Palibe anamuperekeza. A kulabotale ankati ndi kazitape wa kulikulu amene wachotsetsa ntchito mkulu wawo. A kulikulu ankati anadzigulitsa kwa a kulabotale. Basi itafika, anakhala mpando wakumapeto, katoni ili pamiyendo.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati anakutuma kukayendera ntchito ya munthu, usamusandutse m'bale wako, chifukwa tsiku loti umukanize pakamwa padzalemera. Kudya wekha n'kowawa, koma amene akukukonda zenizeni sangakuuze kuti usiye ntchito yako kuti umuonetse ulemu. Tumizirani nkhaniyi mnzanu amene akugwira ntchito kutali ndi kwawo, ndipo mukatero mumuimbireko foni, asanapeze achimwene olakwika.