Mafuta a Pamchombo ndi Masamba Amene Sisitala Sanawerenge

Panali namwino wina, mkulu wa wodi ya ana akhanda wotchedwa Sisitala, amene nkhani yake anthu awiri amaifotokoza mosiyana. Mng'ono wake amati Sisitala ananamizidwa. Mzamba wa muwodimo amati ayi, anachita ulesi kuwerenga. Zimene zinachitika ndi izi.

Tsiku lina kunabwera mayi amene anaphunzitsa Sisitala ku koleji, yemwe anamugwira dzanja tsiku loyamba kusambitsa khanda. Anabweretsa lipoti la kafukufuku ndi katoni ya mafuta atsopano opaka pamchombo.

"Mwana wanga, werenga apa," anatero akuloza chidule cha patsamba loyamba. "Mwa ana onse opakidwa, palibe amene mchombo unatukusira."

Sisitala anawerenga mizere khumi yokhayo, n'kulamula kuti ana onse azipakidwa.

"Sisitala, masamba enawo mwawaona?" anafunsa mzamba. "Anayesa pa ana angati? Olemera bwanji?"

"Iwe, aphunzitsi anga angandipatse zowola? Iwe wemwe mayeso unakhozera manotsi awo."

Patatha milungu iwiri, ana atatu obadwa masiku asanakwane anayamba kufiira kuzungulira mchombo, khungu likusupuka. Mmodzi anatentha thupi n'kusiya kuyamwa. Mayi ake anamukoka Sisitala yunifomu.

"Munati ndi mankhwala abwino. Mwana wanga mwamupaka chiyani?"

Masana omwewo Sisitala anadzitsekera mu ofesi n'kuwerenga lipoti lonse. Tsamba lachisanu linati anayesa pa ana makumi awiri okha, onse obadwa masiku atakwana, onenepa bwino. Panalibe gulu la ana osapakidwa loti ayerekezere nalo. Tsamba lachisanu ndi chiwiri linati ana anayi amene anatuluka nsungu anawachotsa asanaphatikize zotsatira. Kumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono, munali mawu oti kafukufukuyo inalipira ndi kampani yopanga mafutawo. Pa mayina a alangizi a kampaniyo panali dzina la aphunzitsi aja.

Sisitala anawaimbira foni.

"Madamu, munkadziwa kuti sanayese pa ana osakwana masiku?"

"Ndinakupatsa lipoti lonse, mwana wanga. Kuwerenga ndinakuphunzitsa kale. Koma dzina langa usalitchule, tikambirana ngati mayi ndi mwana."

Mng'ono wa Sisitala akunena zoona: munthu amene unamukhulupirira zaka khumi ndi zisanu akakulozera tsamba limodzi akudziwa zimene zili pa enawo, wakupereka. Mzamba nayenso sakunama: lipoti linakhala m'dirowa milungu iwiri, ndipo kuliwerenga kunangotenga ola limodzi.

Mwana wotentha thupi uja anachira atabayidwa jakisoni masiku asanu ndi awiri. Akuluakulu a chipatala anafuna kalata yofotokoza zimene zinachitika.

"Achemwali, lembani za Madamu zokha, inu mupulumutse ntchito," anachonderera mng'ono wake.

Sisitala anakana. Analemba mayina awiri: loyamba lake, monga wolamula asanawerenge, lachiwiri la aphunzitsi ake. Anasaina n'kukapereka yekha.

Phunziro: Musasinthe kasamalidwe ka khanda chifukwa cha chidule cha kafukufuku, ngakhale wakubweretserani ndi munthu amene mumamulemekeza. Funsani kuti anayesa pa ana angati, otani, anawayerekeza ndi ndani, anachotsamo ndani, ndipo analipira ndani. Ngati mukudziwa namwino, mzamba kapena wophunzira unamwino, mutumizireni nkhaniyi asanalowe muwodi mawa.