Anaphimba nkhope, anasiya mawu

Panali munthu wina ku Kakumbi, dzina lake Cosmas. Kale ankaperekera zakudya pa loji ina ya ku Mfuwe. Ntchito itatha anatsala ndi zinthu ziwiri: foni yabwino, ndi manambala a azungu amene ankawatumikira.

Chaka chimenecho njovu zinamaliza minda. Chimanga chitangoyamba kukhwima zinachipondaponda, kwina kugwetsa ndi nkhokwe zomwe. Anthu anakadandaula mpaka kutopa, yankho lake n'kumangoti "tamva". Tamva chiyani? Mwana angadye "tamva"? Ndiye anapangana zopita ku maofesi a boma ku Mambwe, ena pa njinga ena wapansi, aliyense atanyamula phesi lothyoka.

Cosmas anajambula ulendo wonse. M'gululo munalinso mlamu wake Luckson, woyendetsa galimoto yoonetsa alendo nyama, amene tsikulo anali pa ofu. Mtima utamuwawa, Luckson anakwera pachulu n'kukuwa kuti: "Njovu imene ndimaonetsa azungu m'mawa ndi yomweyo imene yadya chimanga cha amayi anga! Ife tizimwetulira, iwo azijambula, ana athu azigona ndi njala?" Anthu anaomba m'manja, azimayi nthungululu.

Pobwerera mutu unazizira. Luckson anati kwa Cosmas, "Alamu, zija ndalankhula zija musaziike pa intaneti. Abwana akangoziona, ine kwanga kwatha."

"Musadandaule alamu, ine si mwana," anatero Cosmas.

Cholinga chake sichinali choipa, zimenezo tisaname. Ankafuna kupanga filimu yeniyeni, yoti dziko lione mmene anthu a m'chigwa akuvutikira, popanda bungwe lomuuza zonena. Anatsegula tsamba lopempha anthu kuti asonkhe ndalama ya kamera. Anaika zithunzi za minda yophwanyika ndi za azimayi atanyamula mapesi. Masabata atatu anatha, yolowa K450 basi. Anthu kumangolemba "pepani, pepani". Pepani sagula kamera.

Apa m'pamene anakumbukira mawu a Luckson aja. Mlongo wake wamkulu Agness, mkazi wa Luckson, anamupeza pansi pa mango akuwamvetsera mobwerezabwereza.

"Iwe Cosmas, ndiwe chiyani? Si abambo a Precious amenewo?"

"Asisi, taonani, ndawaphimba nkhope ndi kachithunzi. Palibe angawadziwe."

"Waphimba nkhope, nanga mawu? Munthu amalankhula ndi alendo tsiku lonse, iwe ukuti sangamudziwe? Fufuta zimenezo. Nyumba yathu imadyera ntchito imeneyi, ndi amayi ako omwe."

"Inu asisi simudziwa za intaneti."

Tsiku lomwelo anatumiza kavidiyoko kwa azungu onse a m'foni mwake. Mmodzi wa iwo, mayi wina dzina lake Liz, anayendapo ndi Luckson m'tchire masiku anayi. Atangomva mawu anamuzindikira. Analibe mtima woipa, koma chifundo chopanda nzeru chimapha. Anaika kavidiyoko pa tsamba lake n'kulemba kuti uyu ndi Luckson wathu wokondedwa, munthu wolimba mtima, tiyeni timuthandize. Analembanso ndi dzina la loji imene Luckson ankagwirako ntchito kuti anzake amukumbukire bwino.

Ndalama zinayamba kugwa ngati mvula ya Januwale. Foni kulira, kulira. Cosmas anayendayenda pamsika chifuwa patsogolo, kuonetsa aliyense: "Mwaona? Dziko latimva!"

Dziko linamvadi. Abwana a loji nawonso anamva.

Lolemba cha m'ma 10 anamuitana Luckson ku ofesi. Anamutembenuzira kompyuta, mawu ake akutuluka. "Alendo akufunsa ngati antchito athu amadana ndi nyama. Siya makiyi patebulo." Zaka naini za ntchito zinathera pomwepo, ngakhale mpando sanamupatse. Anayenda maloji ena anayi kufunafuna malo, konse yankho limodzi: "Tidzakuitanani." Mabwana amenewa amadziwana, amamwera pamodzi. Ndani amulembe?

Cosmas anagula kamera yake ku Chipata, yatsopano, ya m'bokosi. Analengeza kuti Loweruka aliyense abwere pasukulu adzafotokoze mavuto ake. Anadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Banja lililonse kuno lili ndi wina amene amachapa, kuphika kapena kulondera pa loji. Akamuona akubwera ndi kamera, azimayi ankalowa m'nyumba, azibambo n'kusintha nkhani. Ulendo wachiwiri wa ku Mambwe umene anapangana unafera m'mazira, chifukwa aliyense ankaopa kuoneka.

Anapita kwa Agness atanyamula shuga ndi sopo. Agness sanatuluke n'komwe, anangoyankhira mkati: "Ukapatse azungu ako. Precious wasiya sukulu ya bodingi, kamujambule ameneyo."

Cosmas anakamupeza Luckson kumunda, akumangirira nsanza za tsabola ndi oilo ku chingwe chothamangitsira njovu, manja ali bii. Munthu amene ankalankhula Chizungu ndi alendo a mayiko onse.

"Alamu, ndinalakwa. Koma filimu ikatuluka…"

Luckson anapukuta manja pa buluku, n'kuima njo kutsogolo kwake. "Yatsani kamera yanuyo, alamu. Jambulani bwinobwino, ndipo ulendo uno musaphimbe nkhope. Palibenso chimene angandilande."

Cosmas anayang'ana pansi. Kamera inamulemera m'manja, osatha kuikweza.

Phunziro: Mawu a mnzako si katundu wako wotsatsira malonda, ngakhale cholinga chikome bwanji. Munthu akati "usaike", usaike, chifukwa wotumiza amalandira ndalama ndi matamando, koma wochotsedwa ntchito ndi mwini mawu. Inu a mafoni, amene chala chimakuyabwani, tumizani uthengawu m'magulu anu onse, wina asadyetsenso mbale wake njala chifukwa chofuna kutchuka.