Khoswe Ayambe Kumwa

Lamulo linkati wodwala kuthamanga kwa magazi asalandire mankhwala mpaka mankhwalawo atayesedwa pa khoswe wa pakhomo pake kwa miyezi itatu. Choncho Nankhoma, yemwe amuna ake ankadwala matendawa, anapereka mphaka wake kwa achibale, nayamba kuweta khoswe m'kakhola ka waya. M'mawa uliwonse ankamusinjira piritsi mu mtedza, amuna ake a Yotamu akungoyang'ana, mutu ukuwaphwanya.

Miyezi itakwana, mkulu wa zaumoyo anabwera kudzaunika timitsempha ta m'khutu la khosweyo.

"Mayi, magazi akuyenda bwino zedi. Bambo ayambe kumwa lero. Ali kuti?"

"Tinawaika m'manda Lachiwiri," Nankhoma anayankha.

Mkuluyo anapepesa mwaulemu, kenaka anafunsa ngati khosweyo anali atadya.