Foto ya Tsiku la Ana

Kapepala ka nambala 14 kanali katanyowa ndi thukuta m'dzanja la Madalena, chonsecho m'khonde la chipatala munkawomba chisanu cha Julayi cholowa mpaka m'mafupa. Dzanja linalo linali litagwira Ivaldo, mwana wake wa zaka zitatu, osamutaya ngakhale pang'ono. Kumsana, m'nsalu ya kapulana ndi bulangete, Ana Paula ankagona atavala chipewa chaubweya chimene mayi ake anachisokerera mikanda yoyera pamphumi. Anali ndi miyezi isanu ndi inayi, mwana wosavuta, woti ukhoza kuiwala kuti wabereka.

Zonse zinayamba ndi foto ya Tsiku la Ana. Mlamu wa Madalena anawajambula atatu onse, iye ndi ana ake awiriwo, pakhomo pawo ku Sanjala, nyali ya foni n'kuthwanima. Pafotopo diso lakumanzere la Ivaldo linatuluka loyera mbee, ngati la mphaka wowalitsidwa ndi galimoto.

Apongozi ake ataiona anakhala pansi. "Pitala anayamba chonchi," anatero. Pitala anali mng'ono wa Hermínio, mwamuna wa Madalena. Anamwalira asanayambe kuyenda, ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, diso litatupa mpaka kutuluka. Dzina lake silinkatchulidwa pakhomopo.

Kuyambira tsikulo Madalena sanachotse maso pa Ivaldo. Ankamutseka diso limodzi n'kumufunsa kuti zala ndi zingati. Mwanayo akapunthwa, mtima unkamuima. Ku chipatala chaching'ono anamupatsa mankhwala opaka katatu konse, namwino n'kumuseka: "Achemwali, foni si dokotala." Koma Madalena sukulu anafika nayo kalasi ya khumi, ndipo pafoni yomweyo anawerenga za khansa ya m'diso ya ana, yosowa kwambiri, imene ikachedwa imatsata mtsempha n'kukalowa m'mutu. Anadikira masabata asanu ndi limodzi kuti dokotala wa maso afike kuchokera ku Nampula.

"Katoze!" namwino anaitana nambala 14 ija m'Chipwitikizi.

M'chipindamo makatani anali otseka. Dokotala Rachide, bambo waimvi wosalankhulalankhula, anakhazika Ivaldo pampando n'kuyatsa tochi. Anaunika diso lakumanzere nthawi yaitali. Kenako lakumanja. Kenako anabwereranso ku lakumanzere lija. Madalena anaima chilili.

"Pabanja panu alipo anadwalapo maso ali mwana?"

Anawafotokozera za Pitala.  Dokotala anangolemba, cholembera chili kwetekwete, kenako anazima tochi.

"Maso onse awiri ali bwino, mayi. Mulibe chotupa."

"Nanga kuyera kuja, adokotala?"

"Zimachitika mwana akayang'ana cham'mbali nyali ikamathwanima. Tandionetsani fotoyo."

Madalena anapereka foni. Kuseka ndi kulira zinamubwerera limodzi. Anamukumbatira Ivaldo mpaka mwanayo anadandaula kuti akumupweteka. Akangotuluka amuimbira Hermínio kuntchito. Apongozi akawauza yekha, maso ndi maso. Anawerama kukhwimitsa bulangete, Ana Paula n'kudzuka. Anasuzumira paphewa la mayi ake, mutu ataupendeketsa mbali yomwe ija imene ankakonda kuyang'anira zinthu.

Dokotala anali asanabweze foni. Anakulitsa fotoyo ndi zala ziwiri, koma osati pa Ivaldo. Anapita m'mwamba, pamwamba pa phewa la Madalena.

"Chipewachi chili ndi mikanda ingati, mayi?"

"Itatu. Ndinasokerera ndekha."

Anamutembenuzira foniyo. Timadontho toyera tinali tinayi, ndipo kachinayi kanali m'munsi mwa chipewa, padiso la Ana Paula.

Dokotala anayatsanso tochi. "Tamutsitsani wakumsanayo."