Khanda Logwa Pakati pa Msewu

Mayi wina ali pakati penipeni pa msewu, mwana wake wamkazi anaima nji.

"Amayi, khanda langa lagwa."

Mayiyo anayang'ana pansi. Panalibe kanthu, phula lozizira basi. Khandalo linali la m'mutu mwa mwanayo, koma sabata yonse ankalifunditsa juzi yake, iye akunjenjemera.

Mahutala anayamba kulira. Dalaivala wina anatulutsa mutu pawindo. "Mayi, chotsani mwanayo! Tili ndi ntchito ife!"

Mayiyo nayenso anali atachedwa kuntchito. Koma akanati amukoke, kukanakhala kulira mpaka kusukulu yamkaka. Anawerama, zala zitauma ndi chisanu, n'kutola mphepo paphulapo, n'kuikumbatira pachifuwa.

Atawoloka, mwanayo anamuyang'ana mokwiya.

"Mwalinyamula chozondoka."

Mayiyo anapumira m'mwamba, n'kulitembenuza.